Chipewa cha a Makawa

Ndikukumbukira bwino lomwe kompyuta yoyamba imene ndinaiona m'moyo mwanga, ngakhale kunena zoona chimene ndinaona ndi chitenje. Inali mu ofesi ya a hedi, pa sekondale yathu yoyendera kufupi ndi Milonde, ndipo anaifunditsa chitenje cha maluwa ofiira kuti isalowe fumbi. Anatipatsa ndi anthu ena akufuna kwabwino amene anabwera pa galimoto yoyera, anajambula zithunzi, anamwa tiyi, n'kumapita. Chimene anaiwala kufunsa n'chakuti kodi pasukulupo pali magetsi. Panalibe. Mapolo analipo, atatu, ataima m'mbali mwa msewu kuyambira ndili ku pulayimale, koma mawaya anali asanaganize zobwera. Choncho kompyutayo inkangokhala ngati mkamwini watsopano pamudzi: aliyense ankailemekeza, koma panalibe amene ankadziwa chimene imatha kuchita.

Mbali yake yooneka ngati TV inali pa tebulo. Chibokosi chachikulu, chimene a hedi ankati ndiye mutu wake, chinali pansi pa simenti, kuseri kwa chitseko. Zimenezi muzisunge, tizifuna kutsogoloku.

Ndili Folomu 2 kunabwera mphunzitsi watsopano wa masamu, a Makawa. Anali aatali, oonda, ndipo nkhope yawo inali imodzimodzi kaya akulengeza za maliro, kaya za tchuthi. Anaphunzirako za kompyuta ku Blantyre, ndiye tsiku lina pa asembule anangoti amene akufuna kuphunzira kulemba mapulogalamu a kompyuta azitsalira masana Lachiwiri ndi Lachinayi. Tsiku loyamba tinadzaza kalasi mpaka ena kusuzumira pawindo, tonse tikuganiza kuti lero chitenje chivundukulidwa. Sichinavundukulidwe. A Makawa anatigawira zidutswa za makatoni a sopo atajambulapo mabatani ndi makala, n'kunena kuti imeneyi ndi kiyibodi, aliyense asamale yake. Sabata yotsatira tinatsala anthu khumi ndi awiri, ndipo atatu mwa ife ankabwera chifukwa kunyumba kunkawadikira khasu.

Ine ndinatsala chifukwa cha mawu amene ananena tsiku lachiwiri, ataimirira pa bolodi, choko chili mbuu m'manja.

"Kompyuta ilibe nzeru," anatero. "Ndi chitsiru, koma chitsiru chomvera. Imachita zimene mwalemba, osati zimene mumafuna kulemba. Pulogalamu ndi malamulo basi, oikidwa mwandondomeko, lina pambuyo pa linzake. Mukalemba zopusa, ichita zopusazo mokhulupirika."

Ndinali ndisanamvepo munthu wamkulu akunyoza chinthu cha azungu chotere, masana dzuwa likuswa mtengo, osatsitsa n'komwe mawu. Ndinaganiza zoti ndione kumene zithere.

Kenako anatulutsa m'chikwama chipewa cha mlaza, chong'ambika mbali imodzi, chija amavala anthu polima. Anati popeza kompyuta yeniyeni ikupuma, iwo ndi amene akhale kompyuta. Akavala chipewacho, a Makawa kulibenso. Awerenga pepala limene mwawapatsa, achita zolembedwazo, ndipo samva munthu wina aliyense. Wotha kuwaimitsa ndi mwini pulogalamu yekha, ndipo ayenera kuima kutsogolo kwawo n'kunena mokweza kuti, "Imani!" Analemba lamuloli pamwamba pa bolodi n'kulitseka mzere kawiri.

Vuto linali lakuti ife tinaleredwa bwino. Mwana wa kwathu salamula munthu wamkulu. Amagwada, amayamba ndi kupepesa, amazungulira nkhani mpaka wamkuluyo aganize kuti maganizowo ndi ake. Ndiye mapulogalamu athu oyamba anali makalata opempha. Mnzanga wokhala naye desiki imodzi, Lusiya, analemba kuti, "Chonde aphunzitsi, ngati simunatope, mwina mungasuntheko pang'ono." A Makawa anavala chipewa, anawerenga, n'kuima chilili ngati polo ya magetsi ija. Patapita nthawi anavula chipewa n'kufunsa kuti kodi "pang'ono" ndi mapazi angati, ndipo kompyuta idziwa bwanji kuti yatopa. Lusiya anati iye amangosonyeza ulemu. Iwo anati ulemuwo ausunge, akaugwiritse ntchito kunyumba.

Pang'ono ndi pang'ono tinazolowera. Tinaphunzira kuwerenga mapazi, kulemba kuti tembenukirani kumanja, tambasulani dzanja, gwirani chitseko. Wina anaiwala desiki imene inali panjira, a Makawa anaiomba ndi bondo kuti phwa, n'kupitiriza kuguba pamalo omwewo, nkhope osasintha, mpaka mwini pulogalamu anafuula. Tinaphunzira mawu akuti "ngati". Ine ndinalemba kuti ngati kukugwa mvula, tsegulani ambulera. Tsikulo kunali chiperoni, kamvula kowaza kaja, phiri lalikulu la kwathu lonse litabisala, ndiye a Makawa anasuzumira pawindo n'kutsegula ambulera m'kalasi momwemo. Tinaseka mpaka misozi. Koma malata a kalasi yathu ankadontha ndithu, choncho anati pulogalamuyo ndi yolondola.

Kufuula kuti "Imani!" pakati pa anzathu okhaokha, tonse tikuseka, sikunali kovuta. Kunkangokhala ngati sewero la pa Khirisimasi.

Phunziro la kubwereza ndilo tinalimva msanga kuposa onse, chifukwa analifotokoza ndi tiyi. Tonse m'kalasimo tinali ndi wina wake ku esiteti. Thyola masamba awiri ndi kansonga, ponya m'dengu kumsana, bwereza. Thyola, ponya, bwereza. Anatifunsa kuti mpaka liti, ife tonse pamodzi tinati mpaka kapitawo anene. Iwo anati eya, koma kompyuta ilibe kapitawo, ndiye polekera muzilemba nokha. Ndinamva, ndinalemba m'kope, ndinatsekanso mzere.

Kunyumba nkhani inali ina. Bambo anga anayamba kuthyola tiyi ine ndisanabadwe, ndipo bambo awo, amene analowera pa Muloza wapansi kuchokera ku Mozambiki, anafera ntchito yomweyo. Zala za bambo zinali zakuda kunsonga ndi utomoni wa tiyi, sopo sankachotsa. Anali munthu wofatsa, koma pa nkhani ya ulemu sankaseka ndi mwana. Mchimwene wanga anayankhapo malume ali chiimire, ndipo mpaka lero khutu lake lakumanzere limaoneka lalitaliko kuposa linzake.

Ntchito yanga ya masana inali kugulitsa zinanazi m'mbali mwa msewu. Amayi anali ndi khanda komanso munda, ndiye Lachiwiri ndi Lachinayi zinanazi zinkagona m'nyumba, zikupsa, fungo lili guu. Bambo anapirira mwezi umodzi. Kenako tsiku lina anapeza kiyibodi yanga ya katoni. Anaitembenuza, anawerenga dzina la sopo kuseri kwake, anang'ung'udza kanthu m'Chilomwe, chimene ankachita akakhumudwa.

"Iwe Esnati, zinanazi zikuola chifukwa cha katoni imeneyi?"

Ndinagwada n'kuyesa kufotokoza. Ndinanena za malamulo, za mapazi, za chipewa. Pamene ndinafika pa ambulera ndinaona ndekha kuti ndikuipitsa mlandu.

"Lachinayi ndikaweruka ndibwera ndidzaone ndekha," anatero. "Ngati ndi sukulu, upitiriza. Ngati ndi masanje, ubwerera kumsewu."

Ndinauza a Makawa m'mawa mwake, mtima uli m'mwamba. Ndinkayembekeza kuti mwina akapempha kiyi kwa a hedi kuti bambo aone ngakhale chitenje chokha. Iwo anangoti ndilembe pulogalamu ya ntchito imene bambo angaone kuti ndi ntchito. Pakhonde la ofesi ya a hedi pankakhala mgolo wa madzi okolopera, ndipo mjigo unali chapafupi, kutsidya kwa bwalo. Ndinaganiza kuti kompyuta itunge madzi. Lachitatu lonse pa buleki ndinkayenda pakati pa mgolo ndi mjigo ndikuwerenga mapazi, kenako n'kuchotserako chifukwa miyendo ya a Makawa inali yaitali. Ndinawerenga kuti ndowa imadzaza ukapopa kangati. Pepala langa linali ndi mizere isanu ndi iwiri, yolembedwa bwino ndi bolopeni yobwereka. Tengani ndowa. Yendani mapazi akutiakuti kupita ku mjigo. Ikani ndowa pansi. Popani kakutikakuti. Nyamulani, tembenukani, bwererani. Thirani madzi mu mgolo. Mzere womaliza unali wonyaditsa kwambiri: bwererani pa mzere wachiwiri.

Ndinaliwerenga pepalalo kambirimbiri ndipo sindinaone cholakwika. Munthu aliyense amadziwa kuti mgolo ukadzaza umaleka kuthira. Komanso, ndikaganiza lero, kwathu ntchito sinkatha chifukwa choti yatha. Inkatha wamkulu akanena kuti basi. Mutu wanga sunaone chifukwa choti ine, Esnati, ndilembe polekera.

Lachinayi bambo anafika atavala jekete yawo ya kutchalitchi, imene inkanunkhira mankhwala a njenjete. A hedi, munthu wamfupi wokonda alendo, anawatulutsira mpando pakhonde, nawonso n'kukhala pambali pawo. Anzanga khumi ndi mmodzi anakhala pa udzu. Kunja kunali kutacha bwino, phiri likuoneka lonse mpaka mitsetse ya madzi pa matanthwe. Ndinapita kwa a Makawa, ndinagwada, ndinapereka pepala ndi manja awiri. Ndinaona bambo akugwedeza mutu pang'ono. Chiyambi chinali chabwino.

A Makawa anavala chipewa.

Ulendo woyamba unayenda bwino zedi. Anafika pa mjigo ndendende, anapopa, mjigo ukulira kwii kwii monga mwa nthawi zonse, ndowa inadzaza mpaka m'milomo osatayika. Anabwerera, anathira. Wachiwiri chimodzimodzi. A hedi anayamba kufotokozera bambo kuti umu ndi mmene zimayendera ku mayiko akunja. Bambo ankangoyang'ana mphunzitsi wa masamu, wa tayi pakhosi, akutunga madzi molamulidwa ndi pepala la mwana wawo, ndipo sindinathe kudziwa ngati akuona sukulu kapena masanje.

Mgolowo unali kale ndi madzi pafupifupi theka. Pa ulendo wachisanu ndi chimodzi unadzaza. Ndinamwetulira, ndikudikira kuti avule chipewa, anthu aombe m'manja. A Makawa anatembenuka n'kuyamba kuwerenga mapazi kupita ku mjigo.

Mayo ine! Pomwepo ndinakumbukira kope langa ndi mzere wotseka uja.

Anabwera ndi ndowa yodzaza n'kuikhuthulira yonse mu mgolo wodzaza kale. Madzi anasefukira, anayenderera pakhonde, ananyowetsa nsapato za a hedi. Khonde limenelo amene analimanga anali ndi maganizo akeake, chifukwa linapendekera ku chitseko cha ofesi m'malo mopendekera kubwalo. Madzi anayamba ulendo wopita kumene kunali mutu wa kompyuta.

Ndinkadziwa chochita. Mawu ake anali amodzi okha, ndipo ndinali nditawafuulapo kangapo. Koma apo panali bambo anga, atakhala pa mpando, atavala jekete. Kuti ine ndiime chilili pamaso pa aphunzitsi, n'kuwakalipira ngati ndikuthamangitsa mbuzi m'munda, bambo akuona? Ndinakumbukira khutu la mchimwene wanga. Ndiye ndinathamanga n'kukagwada m'mbali mwa njira, a Makawa akudutsa, n'kunena chapansipansi kuti, "Aphunzitsi, madzi aja akwana." Anandidutsa ngati chitsa. Pobwerera ndinayesanso. "Pepani aphunzitsi, mwina mukanapumako kaye." Ndowa ina inakhuthulidwa. Madzi anafika pa chitseko n'kuyamba kulowa pansi pake mwakachetechete.

A hedi anadzambatuka. "A Makawa, basi! Lekani! Mukuononga katundu wa sukulu!"

A Makawa anatembenuka n'kuyamba kuwerenga mapazi kupita ku mjigo.

"A Makawa! Ndikulankhula ndi inu! Ine ndi hedi pano!"

Mjigo unayamba kulira kwii kwii. A hedi anasanthula matumba onse kufuna kiyi wa ofesi, kenako anakumbukira kuti ali m'jekete imene anaisiya kunyumba. Anayesa kutseka pansi pa chitseko ndi phazi. Lusiya anali atagwira pakamwa, ena atagona pa udzu ndi kuseka. Ine misozi inali italengeza. Ndinaona msewu, ndinaona zinanazi, ndinadziona ndekha nditakhala pamenepo mpaka kukalamba. Ndinayang'ana bambo kuti mwina nkhope yawo indiuza chochita, koma iwo sankayang'ana ine. Ankayang'ana a hedi, kenako a Makawa, kenako a hedi, ngati munthu amene akuona chinthu chimene sanachionepo.

A Makawa anali akubwera ndi ndowa yachitatu yosafunika. Thukuta linali litanyowetsa malaya onse, mikono ikunjenjemera, koma nkhope inali ija ya pa asembule. Ndinazindikira kuti munthu ameneyu saleka. Athira mpaka mjigo uume kapena iwo akomoke. Ndinadzuka pamene ndinagwada, mawondo ali matope okhaokha, ndinaima pakati pa njira, ndinatseka maso.

"Imani!"

Mawuwo anatuluka aakulu kuposa mmene ndinkafunira. Akhwangwala anauluka pa denga. Nditatsegula maso, a Makawa anali ataima phazi limodzi lili m'mwamba, ndowa ikulendewera, madzi akugavira. Anakhala choncho. Kenako ndi dzanja linalo anavula chipewa, anatsitsa phazi, n'kunena ndi mawu awo a masiku onse kuti, "Pulogalamu yopanda polekera. Mwaona nonse? Esnati, ukonze mzere wachisanu ndi chiwiri." Anapita kwa bambo, anawapatsa moni mwaulemu ndi manja awiri, n'kupepesa kwa a hedi chifukwa cha nsapato. Anati akanathandiza, koma panthawiyo iwo kunalibe.

Bambo anatsanzika osanena kanthu za ine. Tinanyamuka, iwo patsogolo, ine pambuyo, khutu langa likuyabwa kale. Tinadutsa msika, tinalowa kanjira ka pakati pa minda ya tiyi, kobiriwira mbali zonse mpaka kutsinde kwa phiri. Tinayenda mtunda wautali. Kenako bambo anaima, osatembenuka.

"Chija chili pansi pa nsalu chija, nachonso chimatero?"

"Eya, ababa."

"A hedi akachikalipira sichimva?"

"Sichimva. Chimamvera amene walemba."

"Ngakhale wolembayo akhale mwana wa wothyola tiyi?"

"Sichidziwa kuti munthu ndi mwana wa ndani."

Dzanja lawo linapita lokha pa chitsamba cha tiyi chimene chinali pambali, linathyola masamba awiri ndi kansonga, n'kuponya kumsana kumene kunalibe dengu. Anayang'ana dzanjalo kanthawi.

"Chipewa chimene chija ine ndachivala zaka zonsezi," anatero. "Agogo ako anachivalanso. Iwe uphunzire kulemba pepalalo. Zinanazi ndizigulitsa ndekha ndikaweruka."

Ndinafuna kugwada pomwepo kuti ndithokoze, koma anali atayamba kale kuyenda. Patsogolo pang'ono anawonjezera kuti tsiku limene ndidzafuule choncho pa iwo, ndidzadziwa kuti iwo si kompyuta.

Anagulitsadi. Lachiwiri ndi Lachinayi lililonse, munthu atathyola tiyi kuyambira m'mamawa, ankakhala m'mbali mwa msewu ndi mulu wa zinanazi, anzawo akuwaseka kuti alembedwa ntchito ndi katoni ya sopo. Sanadandaulepo, ngakhale m'Chilomwe.

Magetsi anafika pasukulu paja ine nditachoka kale. Ndinamva kuti atavundukula chitenje anapeza kuti mbewa zinasamukiramo kalekale ndipo zalera mibadwo ingapo. Kompyutayo sinayakepo ngakhale tsiku limodzi. Madzi anga aja sanaifike n'komwe, anathera pa mulu wa mapepala a mayeso akale.

Lero ndine amene ndimaphunzitsa phunziro lomweli, pa sukulu ina kufupi ndi Chitakale. Tili ndi makompyuta enieni, amayaka magetsi akakhalapo, ndipo ana ambiri amabwera atagwirapo kale foni. Komabe tsiku loyamba sindiyatsa kanthu. Ndimatulutsa chipewa cha mlaza. Ana a masiku ano savutika ngati ife. Ndikangoponda molakwika, kalasi yonse imakuwa kuti "Imani!" mosangalala kwambiri, ena ngakhale pulogalamu si yawo. Nthawi zina ndimafuna kuwakoka makutu. Nthawi zambiri ndimangowasirira. A Makawa anapuma ntchito, ali kwawo, ndipo nditawauza kuti ndinawabera njira yawo anangofunsa ngati ndinakonza mzere wachisanu ndi chiwiri uja.

Bambo anapuma ntchito ku esiteti msana utakana. Koma zala sizinauzidwe. Akakhala pakhonde, mukucheza nawo bwinobwino, mumaona dzanja lamanja likuthyola mphepo pa bondo, masamba awiri ndi kansonga, n'kubwereza. Adzukulu ankaseka, iwonso ankaseka. M'matenda awo omaliza, atasiya kulankhula ndiponso kutizindikira, zalazo zinkagwirabe ntchito pamwamba pa bulangete, tsiku lonse, osapuma. Amayi ankazibisa pansi pa nsalu, zinkatulukanso.

Masana ena ndinali nawo ndekha m'chipinda. Ndinayang'ana zala zakuda zija zikuthyola tiyi amene kunalibe, ndipo ndinamva chisoni chimene sindingathe kuchilemba. Kapitawo wawo anamwalira kalekale, panalibenso wina woti anene kuti basi. Ndinakumbukira zimene anandichenjeza m'munda wa tiyi muja, ndiye sindinafuule, ndiponso sindinaime chilili. Ndinagwada pambali pa bedi, ndinagwira dzanjalo ndi manja anga awiri, n'kunena chapansipansi kuti, "Imani, ababa. Dengu ladzaza."

Zala zinaima.